Mbuzi za Pulazima

Sabata yatha ndikuyanika chinangwa pathandala, amake Jaime, amene tayandikana nawo nyumba, anaima kumpanda n'kundifunsa kuti, "Kodi amake Tereza, lero pulazima akugulitsa ndi pamsika pomwe ngati ndowa. Inu munaidikira zaka zonse zija mpaka aBiti maso kutha. Munapindulanji?" Anafunsa akuseka, chifukwa amuna awo angobwera nayo wailesi yakanema imeneyo, yaikulu ngati chitseko. Ndinawauza kuti chinangwa chikauma ndiwayankha. Koma funsolo linanditsatira mpaka m'nyumba, ndiye ndaona kuti yankho lake ndiliike muno m'mbiri ndikukusiyiraniyi, ana anga, poti nkhani ya mbuzi zija munaimva mwa zidutswa, aliyense ndi mbali yake.

Ku Cobue, titangobwera kuchokera ku Malawi

Nkhondo itatha tinawoloka nyanja kubwerera kwathu, ine ndi bambo anu, Tereza ali kumsana. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, koma kuwerenga dzina la mankhwala pabotolo ndinkatha, ndipo chimenecho n'chimene chinandipezetsa ntchito ya userevente pa kachipatala ka ku Cobue. Serevente ndi munthu wa zonse zimene ena sakuziona: kusesa, kutunga madzi, kuchapa nsalu zamagazi, kuwiritsa zitsulo, kugwira dzanja la mayi amene akulira. Mkulu wanga woyamba anali aMateusi, namwino wamtali wa ku Lichinga, amene Chinyanja chawo chinali cha pamsika basi. Akafuna kufunsa wodwala za m'mimba ankandiitana, "Filomena, bwera unene bwino, ine ndingamutukwane." Kusowa kunalipo kwa chilichonse. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati matewera. Sopo akatha ndinkasuka ndi phulusa, aMateusi n'kuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Kumeneko ndi kumene ndinaonera televizau, wailesi yakanema, koyamba. Inali ija ya bokosi, yamimba kumbuyo, imene wamalonda wina anabwera nayo pasitima n'kuisiya pachipatala pothokoza kuti mwana wake wachira. Tinkailumikiza ku bateriya ya galimoto, yomweyo imene inkayatsa nyale ya m'chipinda chochiriramo amayi. Anthu ankadzaza pakhonde mpaka pawindo. Koma bateriya siinkachedwa kufa, ndipo tsiku lina mwana anabadwa ine nditanyamula koloboyi. M'mawa mwake aMateusi anainyamula okha televizau ija n'kukaitsekera mosungira makatoni. "Chilombo ichi chimadya ngati fisi," anatero. Mawu amenewo ndinawasunga.

Ku Maniamba, zaka zozizira

Atandisamutsira ku Maniamba, kumtunda, bambo anu anakhala ngati nsomba yoponyedwa pamchenga. Msodzi wopanda nyanja! Anaphunzira kulima chimanga akung'ung'udza, ndipo Paulo ndi Lusiya munabadwira kumeneko, m'mphepo ija yolowa m'mafupa. Malipiro ankachedwa, nthawi zina mpaka n'kuiwala kuti uli pantchito yolipidwa. Akabwera ankabwera pamodzi, ndipo achibale ankamva fungo lake ali kutali. Amene anandiphunzitsa chochita anali mlonda wa pachipatalapo, aChisale, mlimi wosalankhulalankhula. Anati, "Mayi, ndalama ikagona m'nyumba imamva kulira kwa aliyense. Mbuzi ilibe makutu amenewo. Gulani mbuzi." Anandiuzanso lamulo limene alimi akumeneko saliphwanya: tonde gulitsa, ana gulitsa, koma mkota, mbuzi yaikazi yobereka, sugulitsa ngakhale zitavuta bwanji. "Wogulitsa mkota wagulitsa chaka chamawa," ankatero. Yunifolomu zanu zonse za kusukulu zinachokera m'khola.

Ku Meluluca, nyumba yodikirira

Ku Meluluca ndi kumene ndinakhalitsa mpaka kupuma ntchito. Bambo anu anabwerera pamadzi, nkhope n'kuwala. Ine anandipatsa nyumba yodikirira, imene anamanga pambali pa chipatala kuti amayi a pakati ochokera kutali azidikiriramo masiku awo. Nyumbayo inali yabwino, ya malata, koma amayi sankakhalamo. Mayi wozolowera kudzuka ndi khasu ukamuuza kuti akhale pamphasa kuyang'ana khoma, tsiku loyamba amapuma, lachiwiri amayamba kuganiza za chinangwa chimene anasiya m'madzi, lachitatu amaganiza za mwamuna, lachinayi umapeza mphasa yokha. Ena ankakachirira panjira. Mkulu wathu, aDona Selesite, mzamba wophunzira wa dzanja lofewa koma pakamwa poyabwa, ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti, "Filomena, akaidi ako athawa angati lero?"

Amene ankabweretsa amayiwo anali aBiti Sumani. Kale anali mzamba wa m'mudzi, ndipo theka la asodzi a ku Meluluca anawadula mchombo ndi iwo. Boma litanena kuti amayi azichirira kuchipatala, aBiti sanakwiye. Anasintha ntchito, n'kumayenda m'midzi kusaka mimba. Anali wamfupi, wa fodya wa m'mphuno, ndipo pakamwa pawo sipankaopa munthu. Akakumana ndi mwamuna wokaniza mkazi wake kubwera, ankamuuza pagulu kuti, "Iwe ndinakuona usanavale kanthu, ndipo sunali wochititsa mantha." Koma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Achipatala anawayeza n'kunena kuti si ng'ala yoti angachotse, vuto lili m'kati, ndipo lizipitabe.

Tsiku lina ine ndi aBiti tinaperekeza mayi wina ku chipatala chachikulu ku Metangula. Zitayenda bwino, tinadutsa kumsika kuti ndigule mchere. Pa loja ya aChande, sitolo ya zamagetsi, anali atapachika chinthu chimene ndinali ndisanaonepo: televizau yopanda mimba, yopyapyala ngati lichero, yowala masanasana. Anthu ankaitcha pulazima. Ndinayenda pang'ono n'kuzindikira kuti ndili ndekha. ABiti anali ataima pagalasi, mphuno pafupifupi kugunda.

"Amake Tereza, bwera kuno. Munthu uyu ali ndi mpata m'mano?"

Ndinayang'ana. Anali bambo wowerenga nkhani, ndipo mpata unalipodi.

"Ndauona!" anakuwa aBiti, anthu n'kutembenuka. "Mu zija za bokosi ndimangoona utsi ukuyenda. Nkhope ya mdzukulu wanga sindikuionanso bwino. Koma uyu mano ake ndawaona, ndi ndevu zimene waphonya pometa." Anakhala pamenepo mpaka boti litatsala pang'ono kutisiya. Boti litayandikira kwathu anati, "Chimene chija chikakhala m'nyumba yako yodikirira, palibe mayi angathawe. Ndipo ine ndidzakhala patsogolo."

M'mawa mwake anafika akukoka mbuzi yaikazi yamawangamawanga n'kuimangirira pamtengo wa mango. "Iyi ndi ya pulazima. Iwe unakhala ku Maniamba, mbuzi umazidziwa. Ibereke." ADona Selesite anavomera. Anati ya bokosi, ngakhale inali itayamba kutsika mtengo chifukwa olemera ankazitaya, sangailole pa magetsi athu a dzuwa, poti bateriya yomweyo inkasunga firiji ya katemera ndi nyale. Koma yopyapyalayo, anatero, imadya pang'ono ngati mwana wodwala, imeneyo bateriya ingaipirire. Amayi ena a m'mudzi anawonjezapo mbuzi ziwiri, bambo anu anamanga khola kuseri kwa nyumba, ndipo Meluluca yense anayamba kuzitcha mbuzi za pulazima.

Nditapita koyamba kukafunsa mtengo, aChande anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsapato zanga, koma sanandiseke. "Mayi, lero mungagulitse khola lonse ndi mlonda wake, simungafike. Koma musataye mtima. Zinthu izi zili ngati usipa. Mwezi ukawala usipa umadula, mwezi ukada umadzaza m'mabwato mpaka amapatsa agalu. Kumene amazipanga mwezi wayamba kuda. Dikirani." Ndinaona kuti nzeru yake ndi yomveka: mtengo uzitsika, mbuzi zizikwera, tsiku lina zidzakumana panjira. Chaka chilichonse ndikapita ku Metangula ndinkadutsa pa loja, ndipo zinali zoona, mtengo unkatsika ndithu. Zakale zinkasunthira kumbuyo, kutsogolo n'kubwera zina zazikulupo, zowala kuposa. Ine ndinkayang'ana yakumbuyo, yaing'ono.

Koma mbuzi zinadzipezera ntchito ina imene sitinazitume. Mvula ikakula msewu wa ku Metangula unkaduka, galimoto ya chipatala n'kulephera kufika. Njira inkatsala ya panyanja, ndipo mwini boti la injini sankasuntha popanda gazolina. Chaka china mayi wina, mwana atagona mopingasa, anafunika kupita msanga, mwamuna wake alibe ndi khobidi lomwe. ADona Selesite anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kukhola. Tonde anapita kwa wogulitsa gazolina akulira, mayi uja n'kubwerako ndi mwana wamoyo. Kuyambira pamenepo palibe anachita kukhala pansi kupangana. Zinangodziwika kuti msewu ukaduka, mbuzi imodzi imakwera boti.

Chaka cha chigamulo

Kenaka chinafika chaka chimene mtengo ndi khola zinaonana. Ndinabwera kuchokera ku Metangula mvula ili pafupi, ndipo ndinalakwitsa kunena pakhonde kuti yaing'ono ija tsopano ingagulike, koma pokhapokha titagulitsa mbuzi zonse, ndi mikota yomwe. Mawu anafika kwa aBiti dzuwa lisanapendeke. Nthawi imeneyo anali atayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo ankandizindikira ndi mawu, osati nkhope. Anabwera n'kukhala pansi pa mango, amayi odikirira n'kuwazungulira.

"Ndamva kuti yakwana. Ukupita liti?"

"ABiti, yakwana ndi mikota yomwe. Khola litsala lopanda kanthu, ndipo mvula ndi iyi."

"Mkota woyamba anabweretsa ndani?"

"Ndinu."

"Ndinati ndi wa chiyani? Wa gazolina?"

"Munati wa pulazima."

"Nanga? Mwana iwe, aChande ako akuti dikira, mtengo ukutsika. Maso angawa nawonso akutsika, ndipo akuthamanga kuposa mtengo. Chaka chino ndikhoza kuona mano. Chaka chamawa sindikulonjeza."

Ndinapita kwa aDona Selesite ndikuyembekeza kuti alamula, ine ndibisale kumbuyo kwawo. Anakana. "Ine ndimadziwa mimba, Filomena. Mbuzi ndi zako. Ukagula sindikudzudzula, ukapanda kugula sindikudzudzula." Bambo anu nawonso anangoti, "Gogo uja anadula mchombo wa Jowana, chitsiriza wathu wobadwira kuno," n'kupita kukasoka ukonde. Ndinakhala ndi nkhaniyo masiku angapo. ABiti sankanama. Mbuzi inali yawo, lonjezo linali lawo, ndipo popanda iwo nyumba yodikirira ikanakhala yogona mileme. Koma m'nyumbamo munali mtsikana wa mimba yoyamba, wamng'ono thupi, ndi mayi wina amene aDona ankaganiza kuti ali ndi mapasa. Ndikatseka maso ndinkaona msewu utaduka, mwini boti atapinda manja, ine nditaloza televizau pakhoma. Televizau siikwera boti.

Ndinapita kwawo kukawauza ndekha, kuti asamve kwa ena. Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti, "ABiti, mikota sindigulitsa. Tidikire ana a chaka chino akule." Anafwenkha fodya wawo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kuyambira lero si iwe amake Tereza. Ndiwe amake Mawa. Pita." Dzinalo linagwira ngati moto wa m'udzu. Ndi ana a sukulu omwe ankandipatsa moni wa "Mwadzuka bwanji amake Mawa?" ABiti anapitiriza kubweretsa amayi a pakati, poti ntchito sankaisakaniza ndi mkwiyo, koma akafika ankalankhula ndi mtengo wa mango. "Mango iwe, uwauze amake Mawa kuti uyu ndi wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo miyendo yatupa."

Ndikuuzeni zoona zake, ana anga, chifukwa ena amaikometsa nkhaniyi. Chaka chimenecho mvula inali yochepa. Msewu sunaduke n'kamodzi komwe. Mtsikana uja anachira bwinobwino pachipatala pathu, wa mapasa anapita pagalimoto. Palibe mbuzi inakwera boti. Tikanagula pulazima, palibe akanafa. Koma zimenezo ndinazidziwa mvula itatha, ndipo munthu sagamula mvula itatha. Zaka zotsatira msewu unaduka ndithu, kangapo, ndipo ana a mikota ija anagwira ntchito yawo. Ena mwa ana amene anabadwira ku Metangula nthawi imeneyo ndimakumana nawo akupita kusukulu, sadziwa n'komwe kuti anakwera pamsana pa mbuzi.

Mkwiyo wa aBiti unatha wokha chimanga chitacha. Anangofika tsiku lina n'kunena kuti, "Amake Mawa, mango sayankha, ndatopa nawo. Ndipatse madzi."

Chaka chimene inabwera

Chaka chotsatira sinakwane, chifukwa ng'ona inatenga mbuzi imodzi pomwa madzi ndipo ina inapita ku gazolina. Chaka chinacho ndinafika pa loja, aChande n'kuyamba okha kuseka. "Mayi, mwezi wada. Imene munkaifuna ija sakupanganso. Tengani iyi, ndi yaikulupo, yowala kuposa, ndipo atonde anu okha akwana." Sindinagulitse mkota ndi mmodzi yemwe. Ndinaikulunga m'zitenje ziwiri, n'kuifukata m'boti ngati khanda, ndikukalipira aliyense wofuna kuigwira. Mnzake wa bambo anu wodziwa za mawaya anaikhoma pakhoma n'kuimika mbale yake yokokera zithunzi padenga. ADona Selesite anayang'anitsitsa firiji ya katemera tsiku lonse, n'kupeza kuti siinadandaule.

ABiti ndinakawatenga ndekha, nditawagwira dzanja. Ndinawakhazika patsogolo monga ananenera. Titayatsa, amayi anakuwa, wina mpaka kugwira mimba. Munali mayi wovala zofiira akuimba, ndipo mkanda uliwonse wa m'khosi mwake unkaoneka pawokha. ABiti anatembenuzira nkhope komweko, n'kusendera pafupi, n'kusenderanso.

"Mwayatsa?"

"Tayatsa, aBiti."

"Kuwala ndikukuona. Kuli ngati nyanja masana." Anatambasula dzanja, n'kusisita galasi, kenaka n'kupisa kumbuyo kwake, pakati pa iyo ndi khoma. "Ndi yomweyi, yopanda mimba. M'nyumba muno ndi yokhayi yopanda mimba." Amayi anaseka mpaka misozi. Ine ndinatuluka kukaona mbuzi, ngakhale zinalibe vuto.

Nditabwerera ndinapeza akufunsa mayi wa pambali pawo kuti, "Woimbayu mano ake ndi otani? Nena bwino, usandinamize." Ndipo umo ndi mmene zinakhalira mpaka imfa yawo. Madzulo aliwonse, mbale zikasukidwa, aBiti ankakhala patsogolo, amayi n'kumawafotokozera novela, sewero lija lopitirira tsiku ndi tsiku. Chipwitikizi cha m'menemo ambiri sankachimva, aBiti nkhope sankaziona, ndiye nkhani ankaipanga okha pamodzi. "Wavala chiyani? Walowa m'chipinda cha ndani? Ameneyo ndi wakuba, ndamumva mayendedwe." Mayi akati akufuna kubwerera kumudzi, aBiti ankati, "Upite, koma ndani andiuze ngati wa ndevu uja wagwidwa?" Ndipo mayi ankayala mphasa yake. ADona Selesite anasiya kundifunsa za akaidi. Sindidziwa ngati chinkawasunga chinali pulazima kapena aBiti. Ndikuganiza kuti chimodzi popanda chinzake sichikanatha.

ABiti sanandiuzepo kuti ndinachita bwino, ndipo ine sindinawapemphe kuti atero. Dzina la amake Mawa anapita nalo kumanda. Pa maliro awo tinapha tonde wa m'khola lomwelo, mdzukulu wa yamawangamawanga ija.

Lero ndinapuma ntchito, ndimalandira kanga ka penshoni, ndimalima chinangwa changa. Amene analowa m'malo mwanga ndinamusiyira tsache, makiyi ndi lamulo la aChisale. Pulazima ija ikadalipo, ngakhale pakona yayamba mzere wobiriwira, ndipo amayi a masiku ano theka la nthawi amayang'ana m'mafoni awo. Khola lilipo. Msewu ukaduka, mbuzi imakwerabe boti. Ndikagona, ndimagona tulo.

Chinangwa chauma tsopano, ndiye mawa amake Jaime ndikawayankha. Zimene tinapindula akhoza kukaziona okha kuseri kwa chipatala, zikudya udzu. Zimene zinatayika ndaziwerenga, ndipo ndi izi: mbuzi imodzi imene inadyedwa ndi ng'ona, nyengo imodzi ya mvula imene aBiti analankhula ndi mango m'malo mwa ine, ndi mano a munthu, amene aBiti anawaona kamodzi kokha, pagalasi la loja ku Metangula.